Keyala Imene Inadumpha Malire

Mapepala amene ndinakulungira zitumbuwa Loweruka lija sindinawabe ayi. Anali pa tebulo, pamene bambo a Easter ankasiya mapepala onse otha ntchito, ndipo panalibe cholembedwa chakuti awa okha musawagwire. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa mpaka lero akafuna kundiseka amayambira pomwepo, ndiye ndi bwino mumvere kwa ine kaye.

Munali mu 1991, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mwana wathu Easter anali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Amuna anga, a Andrea, ankagwira ntchito pa chipatala china cha mishoni, ulendo wa ola lathunthu pa njinga kuchokera kwathu ku Mauwa. Sanali a dokotala, sanali a kalaliki. Kale ankakonza mawailesi pa khonde la sitolo ku Limbe, uku akuphunzira za makina madzulo. Ndiye abwenzi a mishoni atatumiza kompyuta ndi sikelo ya magetsi yoyezera ana, m'mabokosi awiri akuluakulu ochokera kunja, a Sisteri a Margret, amene ankayang'anira za ana pa chipatalapo, anawalemba ntchito kuti ziwirizo azilumikize. Pajatu sizinkamvana. Sikelo inkalankhula zake, kompyuta zake. A Andrea ndiwo analemba kapulogalamu kokhala pakati, kotenga kulemera kwa mwana ku sikelo n'kukakusiya m'kompyuta. Iwo ankakatcha dalaivala. Ine ndinkangoti kamthenga.

Kamthengako m'mawa kankayenda bwinobwino. Koma dzuwa likakwera, kompyuta inkangouma gwa, osayankha, ngati mwana wonyanyala. Zikatero azimayi tonse tinkabwerera pansi pa mtengo wa mango, ku sikelo yakale ya kabudula wa nsalu, ana akulendewera n'kumalira ngati akuwazinga. Zinatero miyezi iwiri. A Andrea anasintha waya, anapukuta fumbi, anaika ndowa ya madzi pakona kuti m'chipindamo muzizizira. Osatheka.

Lachinayi sabata imeneyo itaumanso, a Sisteri anawauza mawu amodzi okha: ikadzaumanso Lolemba, zonse zibwerera m'mabokosi mwake. Ndipo mabokosi akatsekedwa, ntchito ya a Andrea yatha. Kalata ya akulu awo a ku Lilongwe inali itafika kale, yonena kuti ku Kanengo kuli malo, angobwera.

Ine ku Lilongwe sindikanapita. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, munda ndi wa ife. Amayi miyendo inali itawakana, ndipo munda ukausiya dzinja limodzi umapeza achibale alowamo kale ndi nandolo wawo. Komanso akazi a amuna a ku Lilongwe ndinawaona. Chaka choyamba kalata mwezi ndi mwezi, chachiwiri pa Khirisimasi, chachitatu nkhani za mwamuna wako umazimva kwa kondakitala wa basi. A Andrea khasu sadziwa, mizere yawo imakhota ngati njira ya woledzera, malume anga ankati ndinakwatiwa ndi sikuludalaiva. Koma ndinkawafuna pakhomo pano, akhotetse mizereyo ine ndikuona.

Lachisanu chakumadzulo anakhala pa khonde ndi mapepala asanu, atawayandikiza kumaso mpaka mphuno kukhudza. Ine ndinkasenda nthochi zoti ndidzakande m'mawa.

"Mukuwerenga chiyani m'nyerere zimenezo?" ndinafunsa.

"Makeyala, amake Easter. M'kati mwa kompyuta muli tinyumba tambirimbiri pamzere, kalikonse ndi keyala yake. Kamthenga kanga ndinakauza kuti kakasiya kanthu kazilemba pa pepala: ndasiya ku keyala yakuti, ndasiya chakuti. Ndiye ndikulondola mapazi ake, ndione pamene kamapunthwa."

Ndinasuzumira. Manambala anali othithikana kuchokera m'mphepete mpaka m'mphepete, opanda popumira, inki yake yotuwa. Ena anali ndi zilembo pakati.

"Nanga A ndi F akutani m'masamu?"

"Makinawa sawerenga mpaka khumi ngati ife. Amafika 16. Akadutsa 9 amabwereka zilembo, A mpaka F."

"Munthu wa zala 16."

"Eya, tingotero."

"Zala zonsezo, khasu osagwira. Ndi m'bale wanu ndithu."

Anaseka pang'ono, koma maso osachoka pa pepala. Ndinafunsa chifukwa chake anawapanikiza chonchi ngati anthu a m'basi ya Loweruka. Anati mapepala a pulinta a Sisteri amawasunga m'kabati yokiya, amapereka asanu basi pa tsiku la sikelo, ndipo riboni ya inki ndi yomweyo ya chaka chatha. Ndiye anauza kamthenga kaziumira: osalemba ziro wa kutsogolo, osayamba mzere watsopano, kangosiya kampata kamodzi n'kupitiriza.

Loweruka analawira mbandakucha, ati akayesenso sikelo ndi njerwa. Ndi mmene ankayesera kukakhala kulibe ana: njerwa pa sikelo, kuchotsa, kuikanso. Ine ndinakoleza moto, ndinakazinga zitumbuwa za msonkhano wa Limana, kagulu kathu ka tchalitchi. Povuula m'chiwaya ndinafuna poyamwitsa mafuta. Ndinaona mapepala pa tebulo, ndinawayala m'lichero onse asanu, ndi kuthirapo zotentha. Awiri ndinakulungira zitumbuwa zisanu ndi chimodzi n'kupatsira anzanga a Latifa, akazi a a Bakali atelala, amene nyumba yawo ndi yathu zimangosiyana ndi mpanda wa nkhadze.

Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva njinga. A Andrea analowa thukuta lili kamukamu.

"Ndinaiwala mapepala aja. Mwawaona?"

Maso awo anatsata maso anga mpaka pa lichero.

Akanakalipa bwenzi zili bwino, ine kukalipa ndimakudziwa, ndikanabweza. Koma anangochotsa zitumbuwa chimodzichimodzi, n'kunyamula pepala ndi zala ziwiri. Linali litasanduka ngati galasi, inki ikuyamba kusefukira m'mafuta.

"Awa ndi a Lachinayi," anatero motsitsa. "Tsiku limene inauma. Ena ndilibe, ndipo ana sabweranso mpaka Lolemba."

"Bwanji munawasiya pa mulu wa otha ntchito?"

"Ndinalakwa ndine, amake Easter. Ndawayang'ana masiku awiri osaonamo kanthu. Mwina zitumbuwa ndiye ntchito yake."

Analowa kuchipinda. Potuluka ndinaona kalata ya ku Lilongwe ikusuzumira m'thumba la malaya. Anagwira tsaya la Easter, amene anali kumbuyo kwanga, n'kunena kuti akupita ku Milepa kwa anzawo kukabwereka sutikesi, kuti Lolemba zikavuta asadzachite kuthamangathamanga. Anakwera njinga, ulendo.

Sutikesi! Mawu amenewo anandilowa ngati munga wa kuphazi. Ndinamanga mwana bwinobwino, ndinadumpha mpanda wa nkhadze pamene mbuzi zinaboola.

"Odi, amake Jamila! Mapepala aja!"

A Latifa anatuluka akupukuta pakamwa. "Mwabwera kudzalanda zitumbuwa? Mwachedwa, chemwali, zafika kale kwawo."

"Mapepala ndikunena. Ndi a ntchito ya bambo a Easter."

"Iii! A makina a zaka za Yesu aja?"

Apa ndifotokoze. Ku sikelo, mukafika amakupatsani kakatoni kolembedwa nambala, muziitanidwa motsatana. Azimayi sitichedwa kuona zinthu. Pasanathe masabata atatu aliyense anali atadziwa kuti ukalandira nambala yoposa 32, ulunjike ku mtengo wa mango. Mwana wa 33 akangogonekedwa pa sikelo ya magetsi, kompyuta inkayamba kubwebweta, pakadutsa mwana mmodzi kapena awiri n'kuferatu. Azimayi a kwaya ndiwo anayambitsa zoti makinawo ndi Akatolika enieni, amafera pa 33 ngati Ambuye, kungoti kuuka kwake amadikira amuna a Enelesi. Enelesi ndine. Mayi wina ndinatsala pang'ono kumung'ambira duku chifukwa cha nthabwala imeneyo. Koma kunyumba sindinainene. Mwamuna amene malume ako akumuseka kale, sukamuuzanso kuti ndi azimayi a ku sikelo omwe akumuimba.

A Latifa anali atapinda mapepala aja n'kuwasomeka kudenga kuti adzakulungire mchere. Atawatambasula, inki inali ikuyenda ngati ya anzake.

"Pofika mawa mulibe kanthu umu," anatero. "Mutani?"

"Ndikopera."

"Zonsezi? Mukudziwa tanthauzo lake?"

"Kodi wokopera nyimbo ya Chilatini amadziwa tanthauzo lake? Tengani mkeka, mundiwerengere."

Sukulu ndinalekera Sitandade 7, teremu yachiwiri, bambo atamwalira. Kope langa la masamu, la timabokosi lija, linatsala theka losalembamo, ndipo ndinkalisunga pansi pa thiranki, kunsi kwa nsalu ya ku tchalitchi. Sindikudziwa kuti ndinkalisungira chiyani. Ndinalitulutsa, ndinasongola pensulo ndi lumo, tinakhala pa khonde, ana awiri tawagoneka pakati. A Latifa sukulu anafika Sitandade 4, koma maso awo ndi a mkazi wa telala, amalowetsa ulusi m'singano kukuda. Ankakweza pepala ku dzuwa n'kumawerenga.

"Ziro, timadontho tiwiri, faifi C. Kampata. Ziro, timadontho tiwiri, faifi D."

Ine sindidziwa kulemba manambala mothithikana. Aphunzitsi athu a masamu, a Francisko, ankayenda ndi lula m'manja: nambala iliyonse m'nyumba mwake, kuyambira kumanja, ina pansi pa inzake. Ukaphonya, lula pa zala. Ndiye dzanja langa linangochita zimene linamenyedwera. Keyala kumanzere, timadontho, chosiyidwacho kumanja, kenako mzere wina. Tsamba lililonse ndinaligawa patatu kuti kope likwane.

Titalemba tsamba limodzi ndinayamba kuona kakhalidwe kake. Keyala imodzi inkabwerezedwa kasanu, kasanu ndi kawiri, nambala ya kumanja ikusinthasintha pang'ono, kenako keyala n'kusintha.

"Uyu ndi mwana mmodzi akupalapata pa sikelo," ndinatero. "Akakhazikika, amabwera wina."

"Ndiye uyu wabwerezedwa kakhumi ndi kawiriyu ndi wa amake Maluwa. Amaponda ngati akupalasa njinga."

Ndinabwerera poyambira, ndipo keyala ikasintha ndinkadula kamzere, monga timachitira pomaliza samu. Makeyalawo ankakwera ngati masitepe: 0, 8, 10, 18, 20, 28, mpaka anafika ku zilembo zija, A0, A8, B0. Easter anadzuka, ndinamuyamwitsa ndi dzanja limodzi, linalo likulemba. Jamila anadya kona ya pepala lachitatu, mwamwayi kona yopanda inki. Mthunzi wa nyumba unachoka kumadzulo kwa bwalo n'kuyamba kutalika chakum'mawa. Msonkhano wa Limana ndinauiwala.

Tili pa pepala lachisanu, chapamwamba, a Latifa anati, "F eyiti, timadontho, sikisi wani. Kampata. Wani ziro ziro."

"Wani ziro."

"Wani ziro ziro, ndatero."

"Werenganinso, amake Jamila. Onsewa ndi awiriawiri. Ndasiya timabokosi tiwiri."

"Kodi maso ndi anu kapena anga? Onani nokha."

Ndinakweza pepala ku dzuwa. Pakati pa nyerere zonse zija, mafuta atazungulira, panalidi 100, wofanana kwambiri ndi 10 wa pa pepala loyamba moti ukanathamanga sukanamuona. Ndinamulemba kuyambira kumanja, ndipo 1 uja anatulukira kunja kwa mzere, yekha, ngati dzino la mwana loyamba. Otsatira akenso chimodzimodzi: 108, 110. Atatha amenewo panali zosamveka, kenako pepala loyera.

Zinandinyansa. Sindinaganize kuti ndapeza kanthu ayi, ndinangoona kuti kope langa laipa. A Francisko ankati bokosi losiyidwa lopanda kanthu ndi mmene mumagona zolakwa. Ndiye ndinabwerera tsamba loyamba n'kuyamba kuika ziro kutsogolo kwa aliyense, kuti onse akhale ndi timabokosi tofanana. 0 anakhala 000, 8 anakhala 008, F8 anakhala 0F8. Nditamaliza, maziro aja anaima mzere umodzi wowongoka ngati wokokera chingwe, masamba asanu ndi limodzi, mpaka pamene 1 uja anaudula.

"Tawerengani timizere mwadulato," anatero a Latifa, mawu atasintha. "Ana angati asanafike ameneyu?"

Ndinawerenga ndi nsonga ya pensulo. Ndinabwerezanso. Tinayang'anana.

"32," ndinatero.

"Zaka za Yesu wanu zija," anatero a Latifa, n'kuwomba m'manja kamodzi.

A Andrea anafika dzuwa litapendeka, sutikesi yabulauni ataimanga pa kaliyala ndi mphira. Sindinawalonjere n'komwe. Ndinawapatsa kope.

"Mapepala anu awo. Palibe chatayika, kupatula kona imene wadya Jamila."

Anatsegula ataimirira, njinga itatsamira m'chiuno. "Mwakopera zonse? Amake Easter, kope lanu la sukulu lija? Mwawononga masamba onsewa chifukwa cha..."

"Kope ndi langa. Koma kamthenga kanu kalibe mwambo. Taonani, onse akuyenda pamzere, awa atatu okha atuluka."

Anaika chala pa mzere wa maziro n'kutsika nawo, tsamba ndi tsamba. Atafika pa 1 uja chala chinaima. Njinga inagwa ndi sutikesi yomwe, iwo osatembenuka. Anakhala pansi pa dothi, buluku la ku ntchito lomwelo.

"Mayo ine," anatero. "Malo amene ndinakapatsa ndi oyambira 00 kulekeza FF. Kakafika kumapeto kanayenera kubwerera ku 00, chifukwa zakalezo kompyuta imakhala itatenga kale, ngati mbale zotsuka. Koma sindinakauze. Ndiye kakungopitirira. Uku ku 100 ndi kwa eni ake, ndi kumene kompyuta imasunga malangizo ake. Kakuthira kulemera kwa ana pamwamba pa malangizo."

"Kakulima munda wa eni," ndinatero.

"Kakulima munda wa eni. Ine ndinkangoyang'ana kumapeto kwenikweni, pamene yafera. Apa ndinadutsapo kangati! Ndinkamuwerenga ngati 10." Anayamba kuwerenga ndi zala, milomo ikugwedera. "Mwana aliyense amatenga tinyumba 8. Ndiye malowo amadzaza pa mwana wa..."

"Musavutike, alamu," anatero a Latifa. "Ndi wa 33."

Anadzutsa mutu. "Mwadziwa bwanji?"

A Latifa anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nkhuku. Ndiye anafotokoza okha zonse, za tikatoni, za azimayi othamangira manambala oyamba, za kwaya ndi zaka za Ambuye, osasiyako ngakhale za duku lija. A Andrea ankangomvetsera kukamwa kuli yasa.

"Miyezi iwiri, azimayi a dera lonse akudziwa?"

"Ndi a ku Kadewere omwe," anatero a Latifa.

"Inu njerwa yanu ija mumaiyeza kangati?" ndinafunsa.

"Kakhumi. Nthawi zina makumi awiri."

"Ndiye mwaona. Njerwa siikhala pa mzere. Inu mumakhala kuseri kwa khoma ndi makina anu, ku sikelo kulibe mwamuna amapondako."

"Koma inu, amake Easter, mumagona nyumba imodzi ndi ine. Bwanji osandiuza?"

"Ndikanati chiyani? Kuti akukusekani? Ine ndinkaona ngati ndi nthabwala chabe ya azimayi. Nanga inu munandifunsapo kuti ku mzere kumaoneka zotani?"

Anandiyang'ana. Kenako anayamba kuseka, kuseka kogwira pamimba, mpaka Easter anadzidzimuka n'kulira.

"Munafuna kung'amba duku la munthu chifukwa cha ine?"

"Linali lakale kale. Dzukani pa dothipo, buluku limenelo wochapa ndine."

Lamulungu ofesi inali yokiya, ndipo a Sisteri za ntchito pa tsiku la Ambuye sankamva. A Andrea titachoka ku Misa anakhala ndi kope langa, kumasamba otsala, akulemba zoti akasinthe. Anati kukonza kwake ndi mizere iwiri basi. Chimene chinawatengera nthawi ndi china: kuphunzitsa kamthenga kulemba ngati ine. Keyala iliyonse malo anayi, maziro kutsogolo, iliyonse pa mzere wake, ndipo mwana akasintha kazidula kamzere.

"Bwanji anayi? Ine ndinaika atatu."

"Kuti kakadzasocheranso patali, tidzakaone kakadali m'njira."

Sutikesi ija inakhala pakona tsiku lonse. Ndinaifunditsa chiguduli kuti isamandiyang'ane.

Lolemba tinanyamuka limodzi, ine pa kaliyala, mwana kumbuyo. Nthawi yoyesa ndi njerwa panalibe, magetsi a ku ofesi ankayatsidwa itatsala pang'ono nthawi ya sikelo. Pa chipata anandiuza kuti akapempha mapepala ena khumi kwa a Sisteri, ndipo nkhope yawo inkaoneka kuti akuopa zimenezo kuposa kompyuta.

Ndinalandira nambala 9. Ndinadikira mpaka tikatoni tafika kutali, ndipo ndinapeza mayi wina wa ku Milepa atagwira 33, nkhope ili gwa, akuyang'ana kale ku mtengo wa mango.

"Tisinthane, mayi."

Anayang'ana katoni yanga, anayang'ana ine. "Mwaithira chiyani?"

"Palibe. Tengani mukaphikire ana msanga."

Anailanda ngati ndisintha maganizo. A Latifa nawo anasinthanitsa yawo ndi 34, akung'ung'udza kuti chinansi ndi Akatolika n'chodyetsa nthawi. Nkhani inayenda pa benchi ponse kuti mkazi wa mwini makina wadzitengera yekha 33. Amene anayezetsa kale sanapite kwawo. Anakhala pa khonde, ana pamiyendo, ngati kukubwera gule.

Kuseri kwa khoma pulinta inkalira, kulira kotalika kuposa masiku onse. Anaitana 30. Anaitana 31. A Sisteri a Margret anatuluka mu ofesi mwawo n'kuima pakhomo, manja kumbuyo, makiyi akulendewera m'chiuno. 32 anali mwana wa amake Maluwa, anapalasa njinga yake mpaka anamwino anamugwira mawondo.

"33!"

Ndinaimirira. Ndinamasula Easter, ndinamuvula, ndinamugoneka pa mbale yozizira ija. Anakwinya nkhope, anaponda kawiri, kenako anagwira chala chake cha kuphazi n'kukhala phee. Manambala ofiira pa sikelo anavinavina, n'kuima pa 7.2. Kuseri kwa khoma pulinta inalira, n'kusiya.

Tonse tinkadziwa kuti imayamba yabwebweta, kufa kumabwera pambuyo.

"34!" A Latifa anagoneka Jamila, akunong'ona zawo za Chiyao. Pulinta inalira. 35. Inalira. 36, 37. Pofika 40, mayi uja wa duku, yemwe uja, anaimirira pa khonde n'kukuwa, "Azimayi, lero yadutsa Gologota osaima!" Nthungululu zinabuka, anamwino akuti chete, chete, muno ndi m'chipatala, koma nawonso akuseka.

Tsiku limenelo anayeza ana 71, ndipo ku mtengo wa mango sikunapite munthu.

A Andrea anatuluka pomaliza, mapepala ali m'manja, aatali ngati nsalu ya maliro. A Sisteri anawalandira, anavala magalasi, n'kuyendetsa chala pa mzere wa maziro monga anachitira a Andrea Loweruka.

"Izi ndiye ngakhale ine ndikutha kuzitsata," anatero. "Koma a Andrea, mapepala khumi ndi awiri tsiku limodzi? Mukuyesa ndimawathyola mu mtengo?"

"Ndi masabata awiri okha, a Sisteri. Ndikatsimikiza kuti kakuyenda bwino, ndikauza kasiye kulemba."

"Ndani anakuphunzitsani kuwandandalika chonchi?"

"Aphunzitsi anga ndi awo abereka mwanawo."

A Sisteri anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ine ndinagwada pang'ono, osadziwa poika maso. Iwo anangoti, "Mabokosi aja ndisungiramo mabulangeti. Lachinayi musachedwe," n'kulowa mu ofesi, makiyi akulira.

Pobwerera, pa chitunda chimene timatsika njinga n'kumakankha, a Andrea anaima, anang'amba kachidutswa pa pepala limodzi n'kundipatsa. Panali mizere iwiri, kamzere kodula pakati. Wapamwamba 00F8. Wapansi 0000, timadontho tiwiri, 48.

"Wapansiyo ndi Easter," anatero. "48 kwa a zala 16 aja ndi 72 kwa ife. Ndiye woyamba kubwerera kunyumba."

Ndinakapinda n'kukaika m'khadi la sikelo la mwana, ndipo kali momwemo mpaka pano.

Sutikesi anaibweza Lachiwiri. Ndinaikamo zitumbuwa khumi za eni ake, kuti isabwerere chimanjamanja. Zokulungira zinalipo zambiri sabata imeneyo, kungoti tsopano pepala lililonse lotha ntchito a Andrea ankayamba alidula mtanda ndi pensulo yofiira asanaliike pa tebulo. Mvula itagwa mu Novembala anapita nane kumunda. Ndinawakokera chingwe, ndinakhoma zikhomo uku ndi uku, ndi kuwauza kuti angotsata. Mzere woyamba unawongoka. Wachiwiri unalowa m'munda wa malume.